Atate ake sanachedwe: za mawu a Chingerezi akuti “late”

Unali mwezi wa February, mvula ikugwa pafupifupi tsiku lililonse ndipo mapiri ozungulira Chipata atabiriwira mpaka pansonga, pamene kusukulu ya sekondale kumene ndimaphunzitsa Chingerezi kunafika alendo awiri ochokera ku England. Nthawi imeneyo maphunziro aulere a mpaka giredi 12, amene anayamba mu 2022, anali asanabwere, choncho ana ambiri ankabwezedwa kunyumba chifukwa cha fizi. Alendowo anatumidwa ndi bungwe lina lolipirira ana ovutika, ndipo ntchito yawo inali yocheza ndi ana amene tinawasankha, mmodzimmodzi, n'kumalemba mayankho awo pafomu. Ahedi anandipempha kuti ndikhale nawo mu ofesi kuti ndizithandiza pomwe chinenero chavuta. Wachitatu kulowa anali mtsikana wa giredi 10 wochokera kumudzi wina wa m'mbali mwa msewu wa ku Chadiza, wofatsa, atavala yunifomu yochapa bwino koma yomuthina m'mapewa, ndipo anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando manja atawapinda pamiyendo. Mmodzi wa alendowo, mayi wansangala ndithu, anafunsa za atate ake chifukwa fomuyo inkafuna kuti kholo lisayine. Mtsikanayo anayang'ana pansi n'kuyankha motsitsa mawu kuti, “My father is late.” Mayiyo anayang'ana wotchi yake, anamwetulira, n'kunena kuti panalibe vuto, tikanatha kuwadikira pang'ono mpaka afike.

Atate a mwanayo tinali titawaika m'manda mu November. Ineyo ndinali nawo pamaliropo pamodzi ndi ana a m'kalasi mwake, ndipo ndikukumbukira adzukulu akutuluka m'dzenje thukuta lili kamukamu chifukwa nthaka inali isanafewe. Mtsikanayo sanayankhe kanthu, koma misozi inayamba kugwera pasiketi yake, ndipo zinanditengera kamphindi kuti ndipeze mawu ouzira mlendoyo kuti bamboyo anamwalira. Nkhope ya mayi uja inafiira, anadzuka pampando n'kugwira manja a mwanayo akupepesa mobwerezabwereza. Kunena zoona, pa awiriwa panalibe wolakwa. Mwanayo analankhula Chingerezi chimene amamva kwa aphunzitsi ake, kutchalitchi ndi pawailesi, ndipo mlendoyo anamva monga mmene munthu wa kwawo aliyense akanamvera. Kuyambira tsiku limenelo mawu a zilembo zinayi amenewa ndimawaphunzitsa mosamala kuposa mawu ena aliwonse, ndipo zimene ndaphunzira pa iwo ndi zimene ndikufuna kufotokoza pano.

Kwa ambirife “late” ndi amodzi mwa mawu a Chingerezi oyambirira amene tinawamva akunenedwa pa ife eni. Ku pulayimale kwathu belu linali chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo wa mango, ndipo chikalira kachiwiri iwe uli kutsidya kwa dambo, unkadziwiratu kuti pachipata ukapeza mphunzitsi wa sabata imeneyo atanyamula zikwakwa zoti ochedwa akatchetchere udzu. Tanthauzo loyamba ndi limeneli: kufika kapena kuchitika pambuyo pa nthawi yoyenera. Basi yochokera ku Lusaka, imene imayenda makilomita oposa 550 mumsewu wa Great East kudzera pamlatho wa Luangwa, ikafika usiku m'malo mwa madzulo, Mngerezi anena kuti “the bus is late”. Malipiro akachedwa, mvula ikachedwa, kalata yofunsira ntchito ikafika tsiku lotsekera litadutsa, mawu ake ndi omwewa.

Chimene chimasokoneza ana athu poyamba ndi mtundu wa mawuwo. M'Chichewa kuchedwa ndi mneni, ndipo timauyendetsa monga aneni ena onse: ndachedwa, ndinachedwa, udzachedwa, musachedwe. Afotokozi enieni m'chinenero chathu ndi owerengeka, monga -kulu, -ng'ono, -tali, -fupi ndi -wisi, ndipo zambiri zimene Chingerezi chimanena ndi afotokozi ife timazinena ndi aneni. M'Chingerezi “late” ndi mfotokozi, choncho sangayime yekha popanda mneni womunyamula monga “am”, “is” kapena “was”. N'chifukwa chake m'makope a ana ongoyamba kumene sekondale ndimapeza “I lated” kapena “I will late”, ndipo sindidabwa nazo, popeza mwanayo watenga mawu a Chingerezi n'kuwaika m'chikombole cha chinenero chake. Mu 2014 ana a kuno ku Eastern Province anayamba kuphunzitsidwa m'Chinyanja kuchokera giredi 1 mpaka giredi 4, zimene ine ndinagwirizana nazo ndi mtima wonse, koma zinapatsa mphunzitsi wa Chingerezi udindo wodziwa bwino pamene zinenero ziwirizi zimasiyana kamangidwe, osati kumangodula mzere wofiira pansi pa cholakwa.

Palinso msampha wina waung'ono. Ana akaphunzira kuti afotokozi ambiri amasanduka aonjezi powonjezera “-ly”, amalemba kuti “I came lately” pofuna kunena kuti ndinabwera mochedwa. Koma muonjezi wa “late” ndi “late” yemweyo, moti cholondola ndi “I came late”, pamene “lately” amatanthauza posachedwapa kapena masiku ano, monga pofunsa mnzako ngati wawaona amalume ake masiku apitawa.

Tanthauzo lachiwiri silikhudza kulakwitsa nthawi m'pang'ono pomwe, ndipo ndi limene anthu ambiri salizindikira. “Late” amathanso kuloza chigawo chakumapeto cha nthawi ina iliyonse. “Late afternoon” ndi chakumadzulo dzuwa litapendeka, “late November” ndi kumapeto kwa November, “the late 1990s” ndi zaka monga 1997, 1998 ndi 1999, ndipo munthu amene ali “in her late twenties” ali ndi zaka zapakati pa 27 ndi 29. Apa palibe amene wachedwa. Ndikudziwa kuti ena anganene kuti kusiyanitsa kotereku ndi nkhani ya m'kalasi chabe, koma ine ndinaona kukulowa m'munda. Amalume anga a ku Katete, mlimi wakhama amene sukulu anailekezera ku pulayimale, anagula thumba la mbewu ya chimanga lolembedwa kuti “late maturing”. Mawu oyambawo anawadziwa, achiwiriwo sanawadziwe, choncho anaganiza kuti imeneyi ndi mbewu yoyenera munthu amene wachedwa kubzala. Anayamba ndi mtedza ndi thonje, mbewu ija n'kuibzala Khrisimasi itadutsa. Koma mawuwo amatanthauza mbewu yochedwa kucha, imene imafuna miyezi pafupifupi isanu m'munda, ndipo imeneyo ndiyo iyenera kulowa m'nthaka ndi mvula yoyamba ya mu November kapena kuchiyambi kwa December. Mvula itadula chakumapeto kwa March, chimanga chawo chinali chikadali chachiwisi, maso asanakhwime, ndipo nkhokwe ya chaka chimenecho sinafike ndi theka lomwe. Atandionetsa thumba lopanda kanthu limene anasunga kudenga, ndinawawerengera n'kuwauza kuti, “Amalume, mbewu iyi ndi yoyamba kubzala, chifukwa ndiyo yomaliza kucha.” Anakhala chete nthawi yaitali akulitembenuza thumbalo m'manja. Alangizi a zaulimi amazifotokoza bwino zimenezi pamisonkhano, koma si mlimi aliyense amene amafika pamisonkhanoyo, ndipo chilala cha nyengo ya 2023 ndi 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi ngozi ya dziko lonse pa 29 February 2024, chinatikumbutsa tonse kuti masabata awiri okha olakwitsa pobzala akhoza kusiyanitsa banja lodya ndi banja logona ndi njala.

Mawuwa ndi akale kwambiri m'Chingerezi. M'Chingerezi chamakedzana, chimene chinkalankhulidwa zaka zoposa 1,000 zapitazo, ankalembedwa kuti “læt” ndipo ankanena za munthu wozengereza, woyenda pang'onopang'ono kapena waulesi, ndipo m'Chidatchi m'bale wake “laat” alipo mpaka lero. Kuchokera pamuzu umenewu panatuluka mawu anayi amene amazunguza ana pamayeso a Examinations Council of Zambia chaka ndi chaka. “Later” ndi pambuyo pake, pamene “latter”, amene kale anali mawu omwewo, tsopano amaloza chachiwiri pa zinthu ziwiri zimene zangotchulidwa. “Latest” ndi chatsopano kwambiri, monga nkhani zimene zangofika kumene kapena foni imene yangotuluka, pamene “last”, amene anachita kufupikitsidwa kuchokera ku mawu akale a “latest” yemweyo, ndi chomaliza chimene pambuyo pake palibenso china. Woimba akatulutsa nyimbo sabata ino, imeneyo ndi “latest”, ndipo tiyembekeza zina. Tikanena kuti ndi “last”, omva angaganize kuti wasiya kuimba kapena watisiya.

Tsopano ndifike pa tanthauzo limene linaliza mtsikana uja. Angerezi anayamba kugwiritsa ntchito “late” ponena za womwalira m'zaka za m'ma 1400, ndipo njira imene mawuwa anadzera si ya kuchedwa ayi, koma ya tanthauzo lija la posachedwapa: munthu amene anali moyo posachedwapa koma tsopano kulibe. M'mabuku akale mungapezenso mawuwa akunena za munthu amene wangochoka paudindo kapena wangosamuka pamalo ali moyo ndithu, ngakhale kuti kagwiritsidwe kameneko kakuzilala. Chofunika kwambiri ndi malo amene mawuwa amakhala m'chiganizo. M'Chingerezi cha ku Britain ndi ku America, “late” amatanthauza malemu pokhapokha atakhala patsogolo pa dzina, monga “my late father” kapena “the late Chief”. Akabwera pambuyo pa mneni, monga “my father is late”, kwa iwo tanthauzo limabwerera ku kuchedwa basi. Mawu ndi omwewo, anthu ndi omwewo, koma kungosuntha mfotokozi malo awiri, bambo amene ali m'manda amamveka ngati ali panjinga m'njira.

Ndikafuna kuti ana asiyanitse “late” ndi “former”, ndimagwiritsa ntchito atsogoleri a dziko lathu, chifukwa mbiri yawo aliyense amaidziwa. A Kenneth Kaunda anachoka pampando mu 1991 ndipo kwa zaka pafupifupi 30 anali “former President”, kutanthauza mtsogoleri wakale amene ali moyo. Anakhala “the late” pa 17 June 2021, atamwalira ali ndi zaka 97. A Rupiah Banda, amene kuno kum'mawa timawawerengera ngati mwana wa pakhomo, anali “former” kuyambira mu 2011 mpaka pamene anatisiya pa 11 March 2022. Koma a Levy Mwanawasa, amene anamwalirira ku France pa 19 August 2008, ndi a Michael Sata, amene anamwalirira ku London pa 28 October 2014, anatisiya ali pampando, moti sanakhaleko ndi tsiku limodzi lomwe la moyo lotchedwa “former”. Mwana akalemba “the late President” ponena za mtsogoleri amene anangoluza chisankho, wamuika m'manda munthu wamoyo, ndipo cholakwa chimenecho sindichilekerera. Ndimawauzanso kuti mawuwa amayenda ndi chikumbukiro cha amoyo. Timawanena pa munthu amene ena mwa ife tinamuona ndi maso, koma sitinganene “the late Nsingu” za mwana wa Mpezeni amene anawomberedwa ndi asilikali a Angerezi mu 1898, monganso m'Chichewa sitimva munthu akunena kuti malemu Zwangendaba. Amenewo analowa m'gulu la makolo, ndipo mayina awo amayima okha.

Funso limene linandivutitsa kwa nthawi yaitali ndi lakuti, nanga ife tinasunthiranji mawuwa n'kuyamba kunena kuti “he is late”? Kanenedwe kameneka si ka Chipata kokha. Mukamva ku Lusaka ndi ku Copperbelt, kutsidya kwa malire a pa Mwami ku Malawi, ku Zimbabwe, ku Botswana ngakhalenso ku Nigeria, ndipo amene amakanena si osaphunzira ayi, ndi anamwino, abusa, maloya ndi aphunzitsi anzanga. Ine ndikuona kuti yankho lili m'mwambo wathu wa kalankhulidwe pa imfa. Kwathu nkhuku imafa, mbuzi imafa, koma munthu amamwalira, ndipo ngakhale mawu akuti kumwalira timawazemba tikamauza wachibale uthenga: timati agogo atisiya, atsogola, apita, kapena timangoti kumudzi sikuli bwino, wakumvayo n'kudziwa yekha. Mwana amene angayime pamaso pa akuluakulu n'kunena kuti “atate anafa” angaonedwe ngati wosaleredwa. Munthu woleredwa chonchi akalowa m'Chingerezi amapeza mawu akuti “dead”, ndipo m'khutu mwake amalemera ndendende ngati “wafa”. Lilime limakana. Ndiye amayang'ana mawu ena aulemu amene akuwadziwa, amapeza “late” amene amawamva pa zilengezo za maliro pawailesi ndi kuwaona pamapepala a ndondomeko ya mwambo wa maliro, n'kuwaika pamalo amene akufunikira. Mawu athu akuti malemu nawonso amathandizira, chifukwa timatha kunena kuti “malemu atate” komanso kuti “atate ndi malemu”, ndipo zonse ziwiri n'zolondola. Mtsikana uja anangonena “atate ndi malemu” m'Chingerezi.

Pali chinthu china chimene chimandikhudza ndikaika zinenero ziwirizi pamodzi. Mawu amene Chingerezi chinasankha kuti chilemekeze nawo womwalira ndi omwe aja onenera munthu wotsalira m'mbuyo, pamene ife timati watsogola, ndiye kuti wapita patsogolo m'njira imene tonse tidzadutsamo. Pamaliro a atate anga, mkulu wina wa mumpingo polankhula m'malo mwa banja anati, “Bambo athu angotsogola, ife tili m'mbuyo,” ndipo pachipepala chimene tinagawira anthu panali patalembedwa dzina lawo pambuyo pa mawu akuti “the late”. Ndinazindikira tsiku lomwelo kuti m'maganizo a Mchewa ochedwa ndife otsalafe.

Ndili ndi mnzanga wa ntchito, mphunzitsi waluso amene wakhala akuchonga mayeso a giredi 12 kwa zaka zambiri, amene amati “is late” ndi Chingerezi chothyoka ndipo chiyenera kuzulidwa mwa ana monga kaufiti m'munda. Tatsutsanapo kangapo m'chipinda cha aphunzitsi, ndipo pa mbali imodzi ndimamuvomereza: mwana wolemba mayeso, wofunsira malo ku yunivesite ya kunja kapena wolankhula ndi dokotala wochokera dziko lina ayenera kudziwa mmene mawu ake adzamvekere, chifukwa kusamvana kwake kumapweteka iye mwini. Koma kunena kuti kanenedweka n'kothyoka sindikuvomereza. Chingerezi ndi chinenero cha boma m'Zambia kuyambira pa ufulu wa 1964, chakhala pakamwa pathu kwa mibadwo ingapo, ndipo monga anthu a ku America ndi ku India anachipinda kuti chinyamule moyo wawo, nafenso tachipinda kuti chinyamule ulemu wathu. Kanenedwe kamene anthu mamiliyoni a m'mayiko angapo amamvana nako popanda chisokonezo kali ndi lamulo lake, ngakhale lamulolo lisanalowe m'buku la galamala limene tili nalo m'kabati. Ndikamuuza mwana wamasiye kuti mawu amene anawasankha polemekeza atate ake ndi olakwika, ndamuphunzitsa kuchita manyazi ndi chinthu chabwino kwambiri chimene amayi ake anamuphunzitsa.

Choncho m'kalasi ndimachita motere. Ndimalemba pabolodi ziganizo ziwiri, “My late father was a farmer” ndi “My father is late”, n'kufunsa anawo kuti chilichonse chikutanthauza chiyani. Pafupifupi onse amati m'ziganizo zonse ziwiri bamboyo anamwalira. Kenako ndimawafotokozera kuti choyamba chidzamveka chimodzimodzi kulikonse padziko lapansi, pamene chachiwiri chidzamveka bwino ku Kapata muno mu Chipata, ku Lundazi ndi ku Lilongwe, koma ku London wakumva adzayang'ana kuchitseko. Ndimawapatsa mawu ena aulemu amene angagwiritse ntchito ndi alendo, makamaka “passed away”, amene ali pafupi kwambiri ndi “anatisiya” wathu, ndi “deceased”, amene ndi mawu a pamafomu, kukhoti ndi kuchipatala. Sindiwauza kuti asiye kanenedwe ka kwawo. Ndimawauza kuti ayambe aona amene akulankhula naye. Ndazindikiranso kuti phunziroli silifuna kuthamangira, chifukwa m'kalasi iliyonse ya ana 60 mumakhala angapo amene chiganizo cha pabolodicho ndi mbiri yawo yeniyeni, ndipo amenewo ndimawaona akuwerama pamadesiki pamene anzawo akukweza manja.

Mtsikana uja thandizo analipeza, ndipo fomu anadzasayina ndi amayi ake tsiku lotsatira, atayenda pa njinga yobwereka kuchokera kumudzi. Koma tsiku lomwe lija, alendo atatuluka kukaona makalasi, iye anatsalira mu ofesi kuti amalize kulemba mbali yake ya fomuyo. Atafika pamzere wofunsa za ntchito ya atate, anaima, cholembera chili m'mwamba, n'kundifunsa kuti, “Aphunzitsi, apa ndilembe chiyani kuti asawadikirenso?” Ndinamutchulira zilembo za “deceased” chimodzichimodzi, iye akulemba mosamala ndi zilembo zikuluzikulu. Atamaliza anawayang'anitsitsa mawuwo, n'kufunsanso ngati ali aulemu. Ndinamuuza kuti inde, ndi aulemu, ndi mmene amalembera ngakhale za mafumu ndi atsogoleri a dziko. Anagwedeza mutu, anapukuta maso ndi m'mphepete mwa juzi yake, anandipatsa fomuyo ndi manja awiri, n'kubwerera m'kalasi belu la phunziro lachinayi litalira kale.